Kuchokera ku Nyumba ya Malamulo kufika ku Chibavi: ndalama zomangira chipatala zimadzera kuti?

Mayi woyembekezera wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu akayamba kumva zowawa pakati pa usiku, a m'banjamo amayamba ndi kufunafuna mayendedwe. Wa kabaza apezeka kuti nthawi ino? Nanga akafika ku Mapale, bedi likapezeka? Zinthu zikavuta, ulendo umapitirira mpaka ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central ku Luwinga. Kukacha, anthu akamakambirana za usikuwo pa mpopi kapena pa msika, dzina lomwe silisowa pakamwa pawo ndi la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Iye, paja, ndi amene adaima pa nsanja nthawi ya kampeni n'kunena kuti chipatala chidzabwera pafupi.

Kudandaulira phungu nkoyenera, chifukwa n'zimene adasankhidwira. Vuto ndi lakuti ambiri mwa ife timamufunsa zinthu zimene malamulo sadamupatse, ndipo timamusiya osamufunsa pa zimene zilidi m'manja mwake. Aphungu nawo sakonda kuwongola maganizo amenewa, popeza chithunzi cha phungu akudula riboni pa khomo la nyumba yatsopano chimakoka mavoti kuposa tsamba la lipoti la komiti. Kuti tione pamene mphamvu za phungu zimayambira ndi pamene zimathera, tiyeni tilondole njira imene ndalama zimadzera zisanasanduke njerwa, malata ndi bedi la mayi uja.

Mzinda wopanda chipatala cha boma

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili mu Mzuzu, chifukwa mzindawu uli ndi vuto lake lapadera. Pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu 221,272, ndipo chiwerengerochi chakhala chikukwera chaka ndi chaka. Komabe mzindawu ulibe chipatala cha pa boma ngati cha ku Rumphi, Nkhata Bay kapena Karonga. Mzuzu ali m'boma la Mzimba, ndipo chipatala cha bomalo chili ku Mzimba boma, mtunda woposa makilomita 100. Palibe wa ku Chibavi, Chiputula kapena Mchengautuwa amene angapite kumeneko chifukwa cha malungo a mwana. Mtolo waukulu umagwera chipatala chaching'ono cha Mzuzu, chomwe aliyense amachidziwa ndi dzina loti Mapale. Pa mapepala a boma ichi ndi chipatala chaching'ono, koma ntchito yomwe chimasenza ndi ya chipatala cha boma lonse.

Mzuzu Central idatsegulidwa m'chaka cha 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan. Cholinga chake chidali kulandira odwala amene zipatala za m'maboma a chigawo chakumpoto zawatumiza, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Likoma. Chipatala chotere chikamadzaza ndi matenda amene akadathera pafupi ndi kunyumba, wodwala wochokera kutali amene akufunika opaleshoni ndiye amadikira. Palinso chipatala cha mishoni cha St John's, chomwe chili pansi pa bungwe la CHAM, koma kumeneko thandizo lambiri ndi lolipira.

Chachiwiri n'chakuti ntchito za zipatala za boma mumzindamu zimayang'aniridwa ndi ofesi ya zaumoyo ya Mzimba North, yomwe ili pansi pa khonsolo ya M'mbelwa. Khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, komwe makhansala a Chibavi East ndi Chibavi West amakakhala, ili ndi udindo pa malo, misewu ya m'makwalala, misika ndi ukhondo. Choncho nyumba ya chipatala itamangidwa ku Chibavi ndi ndalama zodzera ku khonsolo ya mzinda, anamwino ndi mankhwala ziyenera kuchokera ku ofesi ya khonsolo ina. Mbali ziwirizi zikapanda kugwirizana maziko asanakumbidwe, nyumbayo imatha bwinobwino, n'kupakidwa penti, kenako n'kukhala yotseka.

Zimene phungu amachita ku Lilongwe

Ntchito ya phungu, malinga ndi malamulo aakulu a dziko lino, ili patatu: kupanga malamulo, kuimira anthu a m'dera lake, ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito mphamvu ndi chuma cha anthu. Kumanga mulibemo. Ngakhale pa nkhani ya ndalama, manja ake ndi omangika kuposa mmene ambiri amaganizira. Gawo 57 la malamulowa limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu yoika msonkho kapena yoonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma pokhapokha nduna ya zachuma itavomereza polemba. Phungu wa ku Mzuzu sangaime n'kupempha anzake kuti avote kuti K2 biliyoni ipite ku Chibavi. Ndondomeko ya zachuma imalembedwa ku Capital Hill, ndipo aphungu amailandira itapsa kale.

Izi sizikutanthauza kuti alibe chochita. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April, choncho nduna ya zachuma imapereka bajeti cha mu February kapena kumayambiriro a March. Ikatero, aphungu amagawikana m'magulu a makomiti n'kukhala masiku angapo akusanthula mabuku a bajetiyo, unduna ndi unduna. Pa nthawi imeneyi akuluakulu a unduna wa zaumoyo amaitanidwa kudzafotokoza chifukwa chake ntchito ina yapatsidwa ndalama pomwe ina yasiyidwa. Apa ndi pamene phungu wakhama amaonekera. Amene wawerenga mabukuwo amadziwa ngati dzina la ntchito ya kwawo lili pa mndandanda wa zitukuko, ndalama zimene idapatsidwa chaka chatha, ndi zimene zidatulukadi. Malipoti a magulu aja akaperekedwa m'Nyumba, nduna nthawi zina imasintha manambala, ndipo pomaliza aphungu amavomereza ndalama za unduna uliwonse paokhapaokha. Akhoza kuimitsa kaye za unduna wina mpaka atapatsidwa mayankho omveka.

Palinso zida zina. Phungu akhoza kulemba funso kwa nduna ya zaumoyo, ndipo yankho lake limalowa mu Hansard, buku losunga mawu onse oyankhulidwa m'Nyumbayi. Nduna ikalonjeza kuti ntchito iyamba chaka chamawa, lonjezolo limakhala lolembedwa, ndipo chaka chikatha phungu akhoza kuliwerenga pamaso pa ndunayo. Lachinayi ndi tsiku limene aphungu wamba amabweretsa mfundo ndi mabilu awo. Komiti ya zaumoyo imayendera zipatala ndi kuitanitsa akuluakulu, pomwe komiti yolondoloza chuma cha boma, ya PAC, imatenga malipoti a mkulu wofufuza mabuku a boma n'kufunsa alembi a maunduna ndi mabwanamkubwa kumene ndalama zidalowera.

Ntchito yonseyi ilibe riboni. Imachitikanso m'Chingerezi, chifukwa malamulo amafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga chiyankhulochi mokwanira kutenga mbali pa zokambirana. Mayi wogulitsa tomato ku Chibavi, amene tsiku lake lonse limatha m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, sangadziwe msanga ngati phungu wake adafunsapo za Mapale kapena adangokhala duu miyezi yonse. Sitingamudzudzule akamayeza phunguyo ndi zimene maso ake akuona.

Chimodzi chofunika kuchidziwa n'chakuti kuvomerezedwa kwa ndalama m'Nyumba ya Malamulo ndi chilolezo chabe. Ndalama zenizeni zimatuluka ku Treasury mwezi ndi mwezi malinga ndi mmene misonkho yatoleredwera, ndipo zinthu zikathina, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi chiwongoladzanja cha ngongole ndizo zimayamba. Ntchito za chitukuko zolipiridwa ndi ndalama za m'dziko momwemuno ndi zimene zimadulidwa msanga. N'chifukwa chake chipatala chimatha kuoneka m'mabuku a bajeti zaka zisanu zotsatizana pomwe pamalopo pali udzu. Anthu a ku Phalombe adadikira zaka zambiri kuti chipatala cha boma lawo chitsegulidwe mu 2022, ndipo Blantyre, mzinda waukulu wa malonda, mpaka lero imadalira Queen Elizabeth Central chifukwa nayonso ilibe chipatala cha pa boma. M'chaka cha 2001 maiko a mu Africa adagwirizana ku Abuja kuti azipereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, koma bajeti zathu zakhala zikuperewera pa mlingo umenewu zaka zambiri, ndipo mpata wotsalawo akhala akutseka ndi maiko ndi mabungwe otithandiza. America itaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro a 2025, zipatala zidamva kuwawa kwake nthawi yomweyo.

Thumba limene lidasokoneza malire

Nanga maganizo oti phungu ndi womanga adachokera kuti? Mbali yaikulu adabwera ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2006 nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Lidayamba ndi ndalama zochepa zoti zithandize pa timilatho, zipinda zophunzirira ndi mijigo. Lidakula pang'onopang'ono kufika K100 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha 2022/23, kenako K200 miliyoni mu 2024/25. Pa mapepala, ndalamazi zimapita ku akaunti ya khonsolo, ndipo ntchito zimayenera kuchokera m'zofuna za anthu kudzera m'makomiti a chitukuko. Koma ndondomeko zake zidapatsa phungu mawu aakulu pa kusankha ntchito, ndipo m'madera ambiri thumbali lidayamba kutchedwa ndalama za a phungu. Kuonjezera apo, kusintha kwa lamulo la maboma aang'ono mu 2010 kudapatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo.

Kwa anthu a mu Mzuzu, masamu a thumbali adali owawa. Dera lililonse limalandira mofanana, kaya lili ndi anthu ochuluka kaya ochepa, ndipo kufikira chisankho cha 2025 mzinda wonse wa Mzuzu udali dera limodzi la phungu mmodzi. Mukagawa K200 miliyoni kwa anthu 221,272, aliyense sakwana K1,000 pa chaka. Ku Likoma, komwe kalembera yemweyo adapeza anthu osafika 15,000, ndalama zomwezo zimapitirira K13,000 pa munthu. Ndipo K200 miliyoni imeneyo imalimbiranidwa ndi sukulu, milatho, ngalande ndi fizi ya ana osowa, kuchokera ku Zolozolo mpaka ku Masasa. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa simenti, malata ndi zitsulo udathawa, moti ntchito yowerengeredwa chaka chino imafika chaka chamawa ndalama zake zitaperewera.

Ndi ndalama zotere, chimene chimatheka ndi chipinda cha sikelo ya ana, malo odikirirapo odwala, nyumba ya namwino, kapena chipinda cha amayi oyembekezera chomangidwa m'magawo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Izi n'zothandiza ndipo sitiyenera kuzinyoza. Mayi amene adaimapo pa mzere wa sikelo mvula ya ku Mzuzu ikugwa amadziwa mtengo wa denga. Koma chipatala chokwanira, chokhala ndi malo ochirira, labotale, mosungira mankhwala, ng'anjo yotenthera zinyalala ndi nyumba za ogwira ntchito, sichikadatuluka m'thumba limeneli. Kumanga m'magawo kulinso ndi msampha wake. Mzuzu adasintha phungu pa zisankho zotsatizana: Peter Mwanza mu 2009, Leonard Njikho mu 2014, Bennex Mwamlima mu 2019. Sitikuloza chala aliyense wa iwo, koma m'dziko muno n'zodziwika kuti wolowa kumene sakonda kumaliza khoma limene anthu amalitchula ndi dzina la amene adamugonjetsa. Nyumba zambiri zofika pa windo zimene timaziona m'mbali mwa misewu ndi ana amasiye a zisankho.

Malipoti a mkulu wofufuza mabuku a boma akhalanso akutchula mobwerezabwereza mavuto a CDF m'makhonsolo osiyanasiyana: ndalama zotuluka popanda malisiti, zipangizo zogulidwa koma zosafika pamalo, ndi ntchito zolipiridwa zisanathe. Apa ndi pamene funso lenileni lidabuka. Ngati phungu ndi amene wasankha ntchito, wavota m'khonsolo, mwinanso walozera kontrakitala, ndani akafunse mafunso ku PAC? Fisi sangakhale woweruza pa mlandu wa mbuzi yosowa.

Bungwe la makhonsolo la MALGA lidatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo mu May 2025 oweruza atatu a bwalo lalikulu, atakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo aakulu, adagamula kuti kutenga mbali kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi mfundo yolekanitsa mphamvu za nthambi zitatu za boma. Si kuno kokha. Ku Kenya, komwe thumba lotere lidayamba mu 2003, bwalo lalikulu kwambiri lidagamula mofananamo mu 2022. Ku Zambia, boma la Hakainde Hichilema lidakweza thumbali kuchoka pa 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni ya ndalama za kumeneko mu 2022, ndipo mkangano wa amene ayenera kuligwira ndi mphamvu za makhonsolo zoligwiritsa ntchito udakula limodzi ndi ndalamazo.

Kuno kwathu nkhaniyi idatentha kwambiri pambuyo pa chisankho cha pa 16 September 2025, pamene madera adachuluka kuchoka pa 193 kufika pa 229, Mzuzu n'kugawidwa patatu. Mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika adalengeza kuti CDF ikwera kufika K5 biliyoni pa dera lililonse. Mu December chaka chomwecho aphungu, a mbali zonse, adavomereza mwachangu bilu yosintha malamulo aakulu n'cholinga chobwezeretsa dzanja lawo pa thumbali, koma mu January 2026 mtsogoleriyu adakana kuisaina. Owerenga adzionera okha kuti ndi mabilu angati okhudza mankhwala m'zipatala amene adadutsapo m'Nyumbayi pa liwiro lotero.

Ngati K5 biliyoni idzatulukadi yonse, masamu a Mzuzu asintha kwambiri. Madera atatu pamodzi akhoza kukhala ndi K15 biliyoni pa chaka, ndipo nkhani ya chipatala chenicheni ikhoza kuchoka pa nsanja ya kampeni n'kufika pa tebulo la okonza mapulani. Mawu oti "ngati" apa ndi olemera, chifukwa madera 229 kuchulukitsa ndi K5 biliyoni ndi ndalama zoposa K1.1 thililiyoni, ndipo taona kale mmene Treasury imachitira zinthu zikathina.

Nyumba payokha sichiza

Tiyerekeze kuti ndalama zapezeka. Choyamba chofunika ndi malo, ndipo ku Chibavi ili si funso laling'ono. Nyumba n'zothithikana, ndipo mbali ina ya derali ndi yotsika, moti madzi amasefukira mvula ikalimba, monga zidachitikira m'madera angapo a mzindawu mu April 2016. Chipatala chomangidwa m'dambo, chimbudzi chake n'kumadzaza madzi, chikhoza kufalitsa matenda amene chimayenera kuletsa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa kuti ngalande, madzi aukhondo ndi zimbudzi ndi nkhani ya zaumoyo mofanana ndi jakisoni. Mwina ku Chibavi ndalama ina ingapulumutse miyoyo yambiri itapita ku ngalande kusiyana ndi ku chipinda china chatsopano, koma ngalande siikhala ndi mwala wolembapo dzina la munthu.

Malo akapezeka, pulani iyenera kutsata miyezo ya unduna wa zaumoyo, ndipo nyumbayo ikatha iyenera kuyenderedwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi isanayambe kulandira odwala. Madzi ayenera kulumikizidwa ndi Northern Region Water Board, magetsi ndi Escom, ndipo mabilu ake adzafuna wolipira mwezi uliwonse. Mankhwala amagulidwa ku Central Medical Stores Trust pogwiritsa ntchito bajeti ya ofesi ya zaumoyo, yomwe siikula yokha chifukwa choti kwabadwa chipatala china. Chovuta koposa ndi anthu. Malo ochirira ogwira ntchito usana ndi usiku amafuna azamba okwanira kusinthana, ndipo malipiro awo sachokera ku CDF. Ayenera kulembedwa ntchito ndi boma, malo awo atavomerezedwa ndi kuikidwa mu bajeti. Zikapanda kutero, ofesi ya zaumoyo imangochotsa namwino ku Mapale n'kumutumiza ku nyumba yatsopanoyo, mzere wa ku Mapale n'kutalikirako.

Apa ndi pamene ntchito ya phungu ku Lilongwe ndi zofuna za ku Chibavi zimakumana. Khansala ndi khonsolo akhoza kumanga khoma, koma amene angaime pamaso pa nduna ya zaumoyo ndi ya zachuma kufunsa chifukwa chake anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo pomwe zipatala zikusowa anthu, ndi phungu. Amene angakakamire kuti Mzuzu apatsidwe chipatala cha pa boma, kapena kuti ndalama za mankhwala za Mzimba North ziziwerengeredwa potengera kuchuluka kwa anthu a mumzinda, ndi phungu. Tsopano mzindawu uli ndi atatu, ndipo akhoza kuyankhula ndi mawu amodzi ngakhale zipani zitasiyana.

Anthu alibe mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, popeza gawo 64 lomwe lidapereka mphamvuyo lidafafanizidwa mu 1995. Koma ali ndi lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ndi lamulo limeneli, komiti ya chitukuko ya wodi, mpingo, gulu la achinyamata kapena munthu payekha akhoza kulembera khonsolo ya mzinda kupempha mndandanda wa ntchito za CDF, mtengo wa iliyonse, dzina la kontrakitala ndi ndalama zimene walandira kale. Akhozanso kufunsa ofesi ya zaumoyo ya Mzimba North ngati idavomereza pulani ya nyumba imene ikumangidwa ndiponso ngati ili ndi anthu oti adzagwiremo ntchito. Ndipo phungu akabwera kudzachititsa msonkhano pa bwalo la sukulu, mafunso oyenera iye ndi awa: mu komiti iti mumakhala, mudafunsa chiyani za Mapale m'nkhumano yapitayi, nduna idayankha kuti chiyani, ndipo yankholo lili pa tsamba liti la Hansard?